KAUFITI SI WA MFITI, AMANGOMVA KULIRA KWA CIMANGA CANJALA

M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene mvula yakhazikika ndipo minda yabiriwira, alimi ambiri a m'maboma a Chipata, Katete, Chadiza, Petauke ndi Lundazi amaona cinthu cowadetsa nkhawa. Mbali ina ya munda cimanga cikukula bwino, koma mbali ina caima msinkhu wa m'maondo, masamba ake acita cikasu ndi kupindika monga mmene acitira pa cilala, ngakhale kuti mvula inagwa dzulo lomweli. Pakapita masiku, patsinde pa cimangaco pamatuluka kaudzu kakafupi, ka masamba oonda ndi timaluwa tofiira tokongola. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Kaudzu kameneka ndiye kaufiti.

Dzina lakelo lionetsa mmene makolo anadabwira naye. Cimanga cimayamba kudwala kaudzuko kasanaoneke n'komwe, motero cinali capafupi kuganiza kuti munda walodzedwa. Nawonso Angerezi anamucha witchweed, kutanthauza udzu wa mfiti. M'midzi ina anthu a mbumba imodzi afika poleka kupatsana moni cifukwa wina aganizira mnzake kuti ndiye anamuonongera munda.

Asayansi anafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri, ndipo anapeza kuti cinsinsi cagona pa mauthenga amene zomera zimatumiza m'thupi mwao ndi m'dothi lowazungulira. Cimanga canjala cimaitana thandizo pansi pa nthaka, ndipo kaufiti amamva kuitanako ndi kubwera m'malo mwa bwenzi. Kuti izi zimveke bwino, nkofunika kuyamba ndi amithenga eni akewo.

AMITHENGA A M'THUPI LA MBEU

Comera ciribe mutu, ciribenso pakamwa, komabe muzu umadziwa kuloza pansi ndipo tsinde limadziwa kuloza kumwamba, ngakhale njere itagwa cadodolido. Duwa limadziwa nyengo yake ndipo cipatso cimadziwa nthawi yakupsa. Cimene cimalongosola zonsezi ndi timadzi tina timene comera cimapanga pang'ono zedi m'ciwalo cimodzi ndi kutitumiza ku ciwalo cina. Asayansi amaticha mahomoni. Nchito yake ifanana ndi ya mthenga wa mfumu: iye salima ndipo samanga nyumba, koma mau amene wabwera nao ndiwo amaimiritsa mudzi wonse.

M'caka ca 1880 katswiri wa ku England, Charles Darwin, pamodzi ndi mwana wake Francis, anafalitsa zimene anaona pa mmera wa udzu. Mmera ukaikidwa pafupi ndi zenera umapendekera kumene kukucokera kuwala. Koma pamene iwo anaubveka kacisoti pansonga, unaleka kupendekera, ngakhale kuti malo amene umapindikira ali kumunsi kwa nsongayo ndipo anali poyera. Anatsimikiza kuti nsonga ndiyo imazindikira kuwala, ndipo imatumiza uthenga kumunsi. Mu 1926 wophunzira wina wa ku Holland, Frits Went, anakhoza kutenga timadzito kucokera ku nsonga za mmera, ndipo pambuyo pake tinapatsidwa dzina lakuti auxin.

Mlimi wa fodya amadziwa nchito ya auxin ngakhale sanamvepo dzina lake. Nsonga ya fodya imatumiza auxin kumunsi, ndipo uthenga wake ndi wakuti timaso ta m'khwapa mwa masamba tisaphuke. Mlimi akathena fodya, mthengayo waleka kubwera. Pasanapite masiku ambiri mphukira zatuluka pa mfundo zambiri, ndipo mlimi ayenera kubwereranso kudzazicotsa. Apo mahomoni ena ochedwa cytokinin, amene amalimbikitsa timaso kuphuka, apeza mpata. Ndi cifukwa comweco citsa ca mtengo wodulidwa cimaphuka nthambi zambiri.

Amai amene amabvundika nthoci m'thumba kapena m'dzenje amagwiritsa nchito mthenga wina. Cipatso cikayamba kupsa cimatulutsa mpweya wochedwa ethylene, umene umauza zinzake kuti nazonso zipse. M'thumba mpweyawo suthawa, motero phava lonse limapsa pamodzi. Utsi nawonso uli ndi mpweya umenewu, ndipo ndico cifukwa cake ena amafukiza dzenje la nthoci asanalitseke.

Mthenga wacinai anapezeka cifukwa ca matenda a mpunga. Alimi a ku Japan anali kudandaula ndi mmera umene unali kutalika mopitirira, woonda ndi wosabereka, ndipo anaupatsa dzina lotanthauza mmera wopusa. Mu 1926 Eiichi Kurosawa anaonetsa kuti coucititsa ndi timadzi totuluka m'nkhungu imene inalowa m'mmerawo. Patapita zaka kunadziwika kuti zomera zimapanga zokha timadzi tomweto, tochedwa gibberellin, ndipo nditimene timatalikitsa mapesi. Mitundu yaifupi ya tirigu ndi mpunga imene inakweza zokolola ku India, Pakistan ndi Philippines m'zaka za m'ma 1960 ndi imene imapanga gibberellin wocepa kapena siimvera mau ake kwenikweni. Mphamvu imene ikanathera ku phesi imapita ku ngala, ndipo mbeu siigwa ndi mphepo. Norman Borlaug, amene anatsogolera nchito ya tirigu wameneyu, analandira mphotho ya Nobel mu 1970.

KULIMBIRANA KUWALA

M'munda mbeu siikhala yokha. Imalimbirana kuwala, madzi ndi cakudya ndi zinzake komanso ndi udzu, ndipo amithenga aja ndiwo amalamula mmene idzalimbanire. Tsamba lobiriwira limamwa mbali ina ya kuwala kwa dzuwa ndi kubweza mbali ina, makamaka kuwala kofiira kwambiri kumene maso a munthu satha kukuona bwino. Mmera umazindikira kuwala kobwezedwako, ndipo umadziwa kuti pafupi pali mnzake ngakhale mthunzi wake usanaufike.

Ukangodziwa zimenezi, mmera umaonjezera auxin ndi gibberellin m'tsinde ndi kuyamba liwiro lopita kumwamba. Kuthengo liwiro limeneli lipulumutsa comera, pakuti wotsalira m'mthunzi amafa. Koma m'munda wa cimanga ndi citayiko. Cimanga cobzalidwa mothithikana, kapena cosiyidwa cinai kapena cisanu pa phando limodzi, cimakula cacitali ndi coonda, mizu yake imacepa, mphepo ikaomba cimagwa, ndipo cimabereka tizimanga tating'ono, cina osabereka konse.

Akatswiri a pa yunivesite ya Guelph ku Canada, motsogozedwa ndi Clarence Swanton, anaonetsa kuti mmera wa cimanga umasintha kakulidwe kake cifukwa ca kuwala kobwezedwa ndi udzu, ngakhale udzuwo utachingidwa kuti usalande madzi kapena cakudya. Tanthauzo lake kwa mlimi ndi lakuti kupalira mocedwa sikubweza zonse zimene zatayika. Udzu ungacotsedwe ndithu, koma cimanga cinamva kale uthenga cikali cacing'ono ndipo cinasankha kale njira yake. Cifukwa cake alangizi a zaulimi amalimbikira kuti kupatulira ndi kupalira koyamba kucitike m'milungu iwiri kapena itatu cimanga citamera.

Anthu anaphunziranso kupanga amithenga abodza. Mankhwala ophera udzu ochedwa 2,4-D, amene anayamba kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1940, ndi auxin wopangidwa m'fakitale. Akagwera pa comera ca masamba otambalala amaciuza kuti cikule mosalekeza, mpaka cimapotoka ndi kufa, pamene cimanga ndi mbeu zina za mtundu wa udzu zimapirira. Koma thonje, fodya, nyemba ndi tomato zimaonongeka ngakhale ndi kadontho kotsalira. Copopera cimene munaikidwa mankhwalawa sicoyenera kupita naco ku munda wa thonje.

KUITANA KWA PANSI PA NTHAKA

Kulimbirana kwina kumacitika kumene maso safika. Mwa zakudya zimene mbeu imafuna m'dothi, ziwiri zimasowa kawirikawiri m'minda yoguga: naitrojeni, imene imabiriwiritsa masamba, ndi fosiforasi, imene imathandiza mizu ndi njere. Fosiforasi siyenda m'dothi. Imamatirira pamene iri, kotero kuti muzu ukatha imene iri pafupi umasowa pogwira.

Pa bvuto limeneli zomera zambiri ziri ndi bwenzi lakalekale. M'dothi mumakhala tizamoyo ta mtundu wa bowa, tooneka ngati ulusi woonda kopambana tsitsi. Timalowa m'muzu popanda kuudwalitsa, ndipo mbali ina ya ulusiwo imayanga kutali m'dothi, kumene muzu sungafike. Timatola fosiforasi ndi kuipereka ku mbeu, ndipo mbeu imatilipira ndi shuga ndi mafuta amene yapanga ndi mphamvu ya dzuwa. Ndi cibwenzi ca ndipatse ndikupatse.

Nanga bwenzilo limadziwa bwanji kumene kuli muzu wofuna thandizo? Yankho linapezeka mu 2005, pamene Kohki Akiyama ndi anzake a ku Osaka, m'dziko la Japan, anaonetsa kuti mizu imatulutsa m'dothi timadzi tochedwa strigolactone. Ulusi wa bowa uja ukamva timadziti umacita nthambi zambiri, ndipo motero umapeza muzu msanga. Kafukufuku wina anaonetsa kuti mbeu ikasowa fosiforasi imatulutsa timadziti tambiri, ndipo m'mbeu zina, monga mapira, kusowa kwa naitrojeni kumacitanso cimodzimodzi. Mbeu yokhuta imangonong'ona, koma yanjala imafuula.

Mu 2008 magulu awiri a asayansi, lina lofufuza mpunga ku Japan ndi lina la akatswiri a ku France, Australia ndi Holland, anapeza kuti strigolactone ali ndi nchito inanso m'kati mwa comera. Amakwera kucokera ku mizu kupita ku tsinde ndi kuletsa mphukira. Motero mthenga mmodzi amanyamula mau awiri. Kunja amaitana bwenzi kuti libweretse cakudya, ndipo m'nyumba amacenjeza kuti kunja kuli njala, ana asaculuke. Ndico cifukwa cake mpunga, mapira ndi mawere pa nthaka yosauka zimaphuka ana ocepa.

MBALA YOMVETSERA

Komatu walira mvula walira matope. Kuitana kumene kumafika kwa bwenzi kumafikanso kwa mdani. Kunena zoona, asayansi anayamba kudziwa timadziti kupyolera mwa mdaniyo. Mu 1966 C. E. Cook ndi anzake ku America anapeza m'mizu ya thonje timadzi tomeretsa njere za kaufiti, ndipo anaticha strigol, kucokera ku dzina lakuti Striga limene asayansi amachulira kaufiti. Kwa zaka pafupifupi 40 anthu anali kudabwa cifukwa cimene mbeu imatulutsira cinthu coitana mdani wake, mpaka nkhani ya bowa ija inaululika.

Kaufiti wa maluwa ofiira, amene ndiye wofala m'Zambia, Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe, dzina lake la sayansi ndi Striga asiatica. Mbale wake wamtali wa maluwa ofiirira, Striga hermonthica, amasautsa alimi ku Kenya, Uganda, Ethiopia, Sudan ndi maiko a kumadzulo kwa Afrika. Onse awiri amagwira cimanga, mapira, mawere ndi mpunga wa kumtunda.

Njere ya kaufiti ndi yaing'ono ngati fumbi. Zitatu kapena zinai zoikidwa pamzere zingangokwana milimita imodzi. Tsinde limodzi lokula bwino lingabereke njere 50,000 kapena kuposa, ndipo njerezo zingagone m'dothi zaka 10 kapena kupitirira zikali zamoyo. Popeza njere ndi yaing'ono cotero, kamba wake ndi wocepa. Ikamera popanda muzu woti iugwire, imafa m'masiku owerengeka. Cifukwa cake siimera ndi mvula yokha monga udzu wina. Mvula ikagwa ndipo dothi likafunda, njereyo imadzuka pakapita mlungu umodzi kapena iwiri, kenaka imadikira. Imamera pokhapo itamva strigolactone, pakuti ndico cizindikiro cakuti muzu wamoyo uli pafupi, pa mtunda wa mamilimita ocepa cabe.

Ikamera, kamuzu kake kamakula kuloza ku muzu wa cimanga. Kakaukhudza kamatupa kunsonga, kamaboola khungwa la muzu ndi kudzilumikiza ku mitsempha imene imanyamula madzi. Kuyambira pamenepo kaufiti amayamwa madzi ndi cakudya ca cimanga monga nkhupakupa pa ng'ombe. Amakhala pansi milungu inai kufikira isanu ndi iwiri, woyera ndi wopanda masamba obiriwira, akudya za mwini wake. Pamene atulukira kunja, mbali yaikulu ya cionongeko yacitika kale.

Kaufiti sangoba cakudya cokha, amasokonezanso amithenga a m'thupi la mbeu imene wagwira. M'mbeu yogwidwa, gibberellin ndi cytokinin amacepa, ndipo mfundo za phesi zimafupika. Homoni ina yochedwa ABA imaculuka. Nchito ya ABA ndi kucenjeza mbeu pa nthawi ya cilala kuti itseke timabowo ta m'masamba timene madzi amatulukira. Timabowoto tikatsekeka mbeu imasunga madzi, koma imalepheranso kukoka mpweya umene imapangira cakudya. Ndico cifukwa cake cimanga ca kaufiti cimaoneka ngati ca pa cilala pakati pa dzinja, ndipo cimene mlimi amataya cimaposa kutali cimene kaudzuko kadya.

Kaufiti mwini wake satseka timabowo take. Madzi amangotuluka m'masamba ake kosalekeza, ndipo kutulukako ndiko kumakoka madzi ena kucokera m'muzu wa cimanga. Mu 2019 akatswiri a pa yunivesite ya Kobe ku Japan anaonetsa kuti kaufiti wa mtundu wa Striga hermonthica ali ngati wogontha ku mau a ABA. Mwini nyumba atseka zitseko kuti asunge madzi, pamene mlendo wasiya zake zonse pululu.

Pamenepa cikuoneka cifukwa cimene kaufiti amakondera munda wa munthu wosauka. Munda wolimidwa cimanga caka ndi caka popanda manyowa, popanda fataleza ndi popanda kasinthasintha wa mbeu umaguga. Cimanga ca pa nthaka yoguga cimafuula kwambiri, njere zambiri za kaufiti zimamera, zokolola zimatsika, ndipo mlimi amasowa ndalama zogulira fataleza wa caka camawa. Nthawi yomweyo kaufiti wathira njere zatsopano mamiliyoni. Munda wa mnansi wapafupi ungakhale wabwino cifukwa cakuti mwini wake amathira manyowa a m'khola, ndipo palibe mankhwala ena alionse amene anakwirira pa ngodya.

KUNYENGA KAUFITI

Mphamvu ya kaufiti ndiyonso kufooka kwake. Popeza amamera akamva kuitana, angathe kuitanidwa pamene palibe cakudya, ndipo adzafa. Thonje, m'mene strigol anapezeka koyamba, limameretsa njere za kaufiti wa cimanga, koma kaufitiyo sakhoza kukhazikika pa mizu yake. Soya, nshawa, nyemba ndi mpendadzuwa zimacita cimodzimodzi, ngakhale kuti mphamvu yake imasiyana malinga ndi mtundu wa mbeu. Caka ciriconse cimene mbeu zoterezi ziri m'munda, mbali ina ya njere zogona m'dothi imamera ndi kufa osabereka. Mbeu za mtundu wa nyemba zimasiyanso naitrojeni m'nthaka, kotero kuti cimanga cotsatira sicifuula kwambiri.

Dziko la America linagwiritsa nchito nzeru yomweyi m'njira yodula. Kaufiti wa maluwa ofiira anapezeka m'minda ya cimanga ya ku North Carolina ndi South Carolina mu 1956, ndipo anafalikira pa mahekitala pafupifupi 175,000. Boma linaletsa kutulutsa dothi, zokolola ndi makina osatsukidwa m'madera ogwidwa, ndipo kaufiti aliyense wotuluka anali kuphedwa ndi mankhwala asanabereke. M'zaka za m'ma 1970 anayamba kupopera mpweya wa ethylene pansi pa nthaka ndi makina, pakuti mpweya womwe uja wopsetsa nthoci umameretsanso njere za kaufiti popanda muzu uliwonse pafupi. Malo oposa 99 pa 100 alionse anayeretsedwa, koma nchitoyo inatenga zaka zoposa 50 ndi ndalama zambiri. Mlimi wa kumudzi alibe makina otere, koma phunziro lake ndi lomveka: njere zakale zimeretsedwe pacabe, ndipo zatsopano zisagwe.

Ku Kenya, m'mbali mwa nyanja ya Victoria, bungwe lofufuza za tizilombo la icipe linapeza njira ina m'zaka za m'ma 1990. Zeyaur Khan ndi anzake anali kubzala comera ca mtundu wa nyemba cochedwa Desmodium pakati pa mizere ya cimanga pofuna kuthamangitsa kapuci, ndipo anadabwa kuona kuti kaufiti nayenso wacepa kwambiri. Kunapezeka kuti mizu ya Desmodium imatulutsa timadzi tina tomeretsa njere za kaufiti ndi tina tolepheretsa kamuzu kake kukula ndi kugwira cimanga. Comeraco ndi cakudyanso cabwino ca ng'ombe za mkaka.

M'Zambia momwe muno, pa malo ofufuzira zaulimi a Msekera pafupi ndi Chipata, akatswiri a bungwe la ICRAF pamodzi ndi a boma anayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kuyesa kugoneka minda ndi mitengo yobwezera conde, makamaka jelejele, amene asayansi amamucha Sesbania sesban. Munda wogonekedwa zaka ziwiri kapena zitatu ndi mitengoyi unabereka cimanga cambiri kuposa wolimidwa cimanga kosalekeza popanda fataleza, ndipo kaufiti anacepamo.

Akatswiri opanga mitundu ya mbeu akufunafuna mbeu zolankhula motsitsa mau. Gebisa Ejeta, mbadwa ya ku Ethiopia wa pa yunivesite ya Purdue ku America, anatulutsa mitundu ya mapira yopirira kaufiti m'zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2009 analandira mphotho ya World Food Prize. Ina mwa mitunduyi imatulutsa strigolactone wa mtundu umene kaufiti samva bwino. Mu 2023 gulu la Harro Bouwmeester la pa yunivesite ya Amsterdam linalengeza kuti lapeza cimanga cokhala ndi khalidwe lofananalo. Izi zipatsa ciyembekezo, koma mbeu yokha singathe kucotsa njere zimene zadzala kale m'munda.

ZIMENE MLIMI ANGACITE

Coyamba ndi kudyetsa nthaka. Manyowa a m'khola, kompositi, masamba a msangu ndi zotsalira za nshawa ndi soya zimacepetsa njala ya cimanga, ndipo kuitana kwake kumatsika. Amene ali ndi fataleza akumbukire kuti wapansi wa D Compound, amene ali ndi fosiforasi, ayenera kuthiridwa pobzala kapena cimanga citangomera, pakuti masiku oyambawo ndiwo kaufiti amagwira. Fataleza wocedwa amapeza mbala italowa kale m'nyumba. Wapamwamba wa Urea amathandiza cimanga kupirira, koma fataleza aliyense sapha njere zimene ziri m'dothi.

Caciwiri ndi kasinthasintha wa mbeu. Gawo la munda limene kaufiti waculuka lipumitsidwe ku cimanga, mapira ndi mawere, ndipo mubzalidwe thonje, soya, nshawa kapena mpendadzuwa. Caka cimodzi sicikwanira, popeza njere sizimera zonse nthawi imodzi. M'mundamo musasiyidwe cimanga comera cokha kapena udzu wa mtundu wa mapira, pakuti kaufiti amakhalanso pa maudzu ena a kuthengo. Mlimi ayang'anirenso mbale wina wa kaufiti, wa maluwa acikasu, wochedwa Alectra vogelii, amene amagwira nyemba, nshawa ndi soya. Kumene ameneyu waoneka, thonje ndi mpendadzuwa ndizo zoyenera.

Cacitatu, ndiponso cacikulu koposa, ndi kuzula kaufiti asanabereke. Alimi ambiri amaleka kupalira cimanga cikamasula ngaiyaye, ndipo nthawi yomweyo ndiyo kaufiti amacita maluwa. Ena amati kuzula kulibe phindu popeza cimanga caonongeka kale. Nzoona kuti kuzulako sikupulumutsa kwenikweni zokolola za caka cimeneco, koma kumapulumutsa za zaka zakutsogolo. Mitsinde 100 yokha yosiyidwa m'munda, uliwonse ndi njere 50,000, ithira njere 5,000,000. Nthawi yabwino ndi pamene maluwa ayamba kuoneka, ndipo nchitoyi ibwerezedwe pakapita milungu iwiri kapena itatu iriyonse mpaka kukolola. Wozulidwayo asatayidwe m'mizere, pakuti njere zimapitiriza kukhwima ngakhale tsinde litazulidwa. Aikidwe m'thumba, atulutsidwe m'munda ndi kutenthedwa m'dzenje.

Cacinai ndi kusamala kuti njere zisayende. Zimayenda ndi dothi lomatirira ku pulawo, ku makasu ndi ku ziboda za ng'ombe, ndi madzi othamanga, ndi mphepo, ndiponso ndi mbeu younjikidwa pansi m'munda wogwidwa. Mlimi wa minda iwiri ayambe kulima wopanda kaufiti ndi kutsirizira wogwidwa, ndipo pulawo yobwereka itsukidwe isanalowe m'munda wina. Mbeu yosungira caka camawa isatengedwe pa malo a kaufiti. Ng'ombe zodya mapesi m'minda yogwidwa zinganyamule njere m'ndowe, motero manyowa ake aole bwino pa mulu asanapite ku munda.

Pomaliza, nchitoyi ndi ya mudzi wonse, pakuti mutu umodzi susenza denga. Munthu mmodzi angazule kaufiti wake yense, koma ngati munda wa kumtunda wasiyidwa wofiira ndi maluwa, mvula yoyamba idzamtsitsira njere zatsopano. Mafumu, magulu a alimi ndi alangizi a zaulimi angathe kugwirizana masiku ozula kaufiti m'minda yonse ya mudzi, pamodzi ndi ya okalamba ndi amasiye amene alibe owathandiza. Phindu lake silioneka caka coyamba. Limayamba kuoneka pakapita nyengo zitatu kapena zinai, pamene nkhokwe ya njere za m'dothi yayamba kutha ndipo conde cayamba kubwerera.